Kwa Mtsikana wa pa Nasolo

Watula chidebe pamchenga, Asiyatu,
madzi akuthawira pa kachibowo ka pansi
koma iwe suli pamenepo.
Maso ako ali pa makina anga a miyendo itatu
amene ndaimika pakati pa bango ndi majumbo,
m'mbali mwa Nasolo wonunkha sopo ndi dizilo.

Bwera, suzumira.
Tsinzina diso limodzi. Ayi, linalo.
Waiona ndodo ya manambala wagwira Chikaiko tsidya lija?
Werenga pomwe pagona kamzere kakuda.
Wani poyinti folo. Ndalemba.
Nambala yoyamba ya mlatho uno
yatuluka pakamwa pako.

Ukufunsa kuti abwana apita kuti.
Abwanawo ndine.
Usagwire pakamwa, anafunsapo kale akuluakulu a ndevu zawo.
Tsiku langa loyamba ku Makata
mlonda anandilozera khomo la kukhitchini,
ati tiyi wa mainjiniya amafunika teni koloko.
Teni koloko itakwana ndinamwa nawo tiyiyo,
chipewa cholimba kumutu, mapulani m'khwapa.

Ndine wa konkuno,
kuseri kwa msika wa Ndirande
komwe chitseko cha galimoto yakufa chimadzuka chili mbaula
ndipo chitsulo sichiikidwa m'manda.
Ndili Sitandade sikisi ndinaphwasula wailesi ya bambo.
Lamba ndinamulawa madzulo omwewo.
M'mawa wailesi inalankhula,
masikuluwu atatu atatsalira m'thumba la yunifolomu,
bambo osanena kanthu,
anangokweza mawu kuti aneba amve.

Ankati masamu ndi nyama yolimba,
yofuna mano a anyamata.
Ndinatafuna.
Fomu fili inandigwetsa, ndinakalira kuseri kwa labu.
Mayi Namagowa atandipeza sanandipepese,
anandipatsa choko: yambiranso.
Ku Chichiri tinalowa atsikana anayi
m'kalasi yodzaza mabesi.
Tinatuluka atatu.
Ndaziona fizi inamuthera chaka chachiwiri,
ndiye ankatiposa tonse.
Ndimamukumbuka nthawi zonse tikamathira konkire.

Sindikunamiza, ntchitoyi si ya pamthunzi.
Simenti imang'amba zikhato,
ndipo alipo kapitawo amene amamva mawu anga
pokhapokha mwamuna akawabwereza.

Koma ukuikumbukira mvula ija
Nasolo atanyamula milatho ya matabwa ngati mapesi?
Ana a sukulu anaima tsidya lino sabata yathunthu.
Mayi wina wodwala pakati anamunyamulira pachitseko
kuzungulira njira yakutali
kufuna galimoto ya ku Gulupu.
Madzi alibe mwano, mwanawe,
amangotsata kotsetsereka.
Amasowa munthu wowawerengera njira.

Tayang'ana mzinda wathu, wadzikoloweka m'mapiri.
Nyumba zikukwera Soche ngati mbuzi.
Madzi akumwa amachita kukankhidwa chitunda chonse kuchokera ku Shire,
mipope ikauma imaimba mluzu usiku,
magetsi amaphethira ngati diso lolowa kachitsotso.
Onsewa ndi mafunso amene akudikira woyankha,
ndipo funso silisuzumira pansi pa desiki
kuti lione ngati wavala siketi.

Senza chidebe, amayi akudikira.
Taona, chafika kale theka.
Usathamangire kumata chibowocho ndi sopo.
Yamba wadzifunsa:
bwanji madzi amatumpha mwaukali chidebe chikadzaza
koma amangodontha mwaulesi akatsala pang'ono?

Usandiyankhe lero.
Mawa tikukumba maziko.
Ukaweruka kusukulu, osati usanapite, ukaweruka,
udzadutse pano ndi yankho lako,
ngakhale lolakwika.
Udzamtenge mlongo wako uja wa magalimoto a mawaya,
ndamuona, mawilo ake amakhota bwino kuposa a minibasi.
Mudzavale nsapato zotseka.
Chikaiko wadandaula kale kuti mkono watopa,
ndodo ya manambala ikufuna woigwira.